Kalata Yopanda Envulopu

Lolemba, 3 Juni 2002

Kuzizira! Nkhungu yatsika m'mapiri a Ntchisi mpaka pa geti la koleji, zala kukanika kugunda taipi. Pa bolodi ndapeza anthu ataunjikana ngati patuluka zotsatira za mayeso. Chidziwitso chochokera ku dipatimenti ya makompyuta, wasayina Sadia, mwana wa a Hassani a sitolo ya nsalu ku Madisi. Dzana lomweli ankandigulitsa mabatani, lero ndi bwana wa dipatimenti. Dipatimenti yakenso ndi iye yekha ndi makina ake.

Akuti kuyambira mwezi wamawa ntchito zonse za mu ofesi zizilembedwa pa kompyuta, wantchito aliyense apatsidwa imelo, mataipi akatsekeredwa. Ine Agnesi, wokalambira pa taipi, ndikayambenso sitandade wani? A Gregorio, aphunzitsi a za ziweto, ati, "Mayi musadandaule, tikalepherera limodzi."

Lachiwiri, 4 Juni

Phunziro loyamba. Kachipangizo kogwira m'manja akuti dzina lake mbewa. A Gregorio afunsa ngati ikuwambika. Taseka, Sadia mpaka misozi. Yanga imangothawira m'mphepete mwa tebulo, kamuvi pa galasi osaoneka komwe kalowera.

Kenako pasiwedi. Akuti mawu achinsinsi otsegulira imelo, lisakhale dzina la mwana wako kapena la mudzi wako. Nditayamba kulemba, Sadia watembenuka n'kuyang'ana pawindo. Ndati, "Mwanawe, bwanji osayang'ana kuti ndikaphonya undikonze?" Wati, "Ayi amayi, ine sindiyenera kuidziwa." Nanga a Pulinsipolo? "Ngakhale iwowo."

Ife tinazolowera makalata ofika atatsegulidwa kale, atamatidwanso ndi guluu wachilendo. Achimwene a Stefano anawatsekera chifukwa cha chiganizo chimodzi m'kalata yopita kwa mnzawo. Atatulutsidwa anawoloka malire, mpaka pano ali ku Botswana, akuphunzitsa. Zipani zinachuluka, anzawo anabwerera, iwo ayi. Pa Khirisimasi kakhadi: moni, mvula yayamba, basi. Kalembedwe ka munthu wodziwa kuti wina akusuzumira.

Lachitatu, 5 Juni

Ndayiiwala. Pasiwedi ija. Manyazi bwanji!

Lachinayi, 6 Juni

Ndasankha ina. Iyi sindiilemba ngakhale muno.

A Gregorio yawo anailemba pa kapepala n'kumata pa kompyuta penipeni, zilembo zikuluzikulu. Ophunzira obwera kudzapereka ntchito amangowerenga. Wina wawatsegulira imelo n'kulembera aphunzitsi onse kuti a Gregorio akugawa mazira aulere lero. Anthu afika ndi mabeseni! Masana chidziwitso chachiwiri pa bolodi: pasiwedi siyomata pakhoma. Dzina sanatchule, koma koleji yonse ikudziwa. Eni ake akuseka kuposa tonse.

Ine m'mawa ndinatenga khadi la chaka chatha la achimwene. M'munsi mwake analembamo timawu tophatikizana, pakati pali "a" wodzikulunga ndi mchira wake. Ndinkayesa dzina la msewu. Sadia wati imeneyo ndi keyala ya imelo. Ndalemba nthawi yonse ya nkhomaliro, chala chimodzichimodzi ngati sindinaonepo zilembo: "Achimwene, ndine Agnesi. Tili bwino. Amayi ali bwino, maso okha. Kuno kukuzizira." Makina olumikizira foni alira ngati mphaka wotsekeredwa m'nkhokwe, kenako akuti yapita. Popanda sitampa!

Ndili m'njira ndazindikira kuti nanenso ndalemba za nyengo zokhazokha.

Lachisanu, 7 Juni

Magetsi kulibe tsiku lonse. Taipi yanga yagwira ntchito monyada. Yankho mwina lafika, lakhala mumdima kudikira.

Lolemba, 10 Juni

Chipwirikiti. Kompyuta ya ku laibulale yadwala, ikangoyaka n'kuzimanso. Wophunzira wina anabwera ndi disiketi ya ku Lilongwe, akuti inali ndi kachilombo. Amayi osesa atamva mawu amenewo akana kupukutamo fumbi. Sadia wawafotokozera kuti sikagwira munthu, koma iwo ati aone kaye.

Chidziwitso chachitatu, cholembedwa ndi inki yofiira. Disiketi yakunja iyambe yapimidwa ku dipatimenti. Uthenga wochokera kwa munthu wosamudziwa, makamaka wokhala ndi kaphukusi komatako, osautsegula, kuufufuta basi. A Gregorio ati, "Ndiye chitopa chimenechi. Katemera alipo?" Sadia wati alipodi, ndipo wayenda naye ofesi ndi ofesi mpaka kuweruka, mpango utapendekera, osadya kanthu. Ndam'khazika pansi ndi tiyi ndi mbatata yootcha. Wati kachilomboka kakafika pa kompyuta ya mayeso, ntchito yake yathera pomwepo. Mwana wa eni, ntchito yoyamba.

Kwa achimwene zii.

Lachiwiri, 11 Juni

Lero ndakhoza! Ndatsegula imelo ndekha, pasiwedi kamodzi n'kamodzi. Ndapeza uthenga wochokera kwa S. K. Mwale, wopanda mutu, kaphukusi kali pambali. Ine Mwale wa zilembo zimenezo sindimudziwa. Ndaufufuta pomwepo, ngati ndikupha njoka pakhomo. Sadia wawomba m'manja, wati akanakhala ndi anthu ngati ine koleji yonse, bwenzi akugona tulo. Ndayenda mapewa m'mwamba mpaka kunyumba.

Lachitatu, 12 Juni

Palibe. Mwina keyala ija ndi yakale. Mwina aona dzina langa n'kuganiza kuti ndi msampha. Sindingawadzudzule.

Makompyuta onse alandira katemera, ya mayeso yapulumuka. Sadia wayambanso kuseka.

Lachinayi, 13 Juni

Ndilembe bwinobwino.

M'mawa S. K. Mwale uja wabweranso, ulendo uno wopanda kaphukusi. Chala chili kale pofufutira, maso agwera pa mutu wa uthengawo: "Agi, chithunzi chija wachiona?"

Agi! Pa dziko lonse wonditchula choncho ndi mmodzi.

Ndakuwa mpaka a Gregorio atulukira ndi choko m'manja. Ndatsegula. Achimwene akuti powoloka malire anasiya dzina la bambo n'kutenga mfunda wa amayi, Mwale, kuti asawalondole. Sanayerekezepo kulemba zimenezo papepala, n'chifukwa chake makhadi awo ankangosayina Stefano. Keyala ndinalemberayo ndi ya sukulu, iwo ayankhira pa yawoyawo. Lachiwiri ananditumizira chithunzi.

Ndathamangira kwa Sadia. "Mwanawe, ndataya mlongo wanga!" Poyamba sanamve, kenako wagwira pakamwa. Wati, "Amayi, simunalakwe, lamulo ndinalemba ndine. Tiyeni tikaone m'bini." Kani kompyuta ili ndi dzala lake, zotayidwa zimayamba zakhala momwemo. Uthenga uli phee, osakhudzidwa. Ine ndimati atsegule msangamsanga, iye wati ayi, kaphukusi kapimidwe kaye, ngakhale kachokere kwa mlongo. Ndinatsala pang'ono kumutsina. Kapezeka kabwinobwino.

Chithunzi chimabwera pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba, mzere ndi mzere. Khoma. Nthambi ya mtengo. Kenako tsitsi, loyera mbuu. Ndati si iwowa, achimwene tsitsi lawo ndi lakuda bii. Chafika pamphumi, wina ku ofesi ya a Pulinsipolo wanyamula foni, zonse zaduka. Foni ndi kompyuta zimagwiritsa waya umodzi. A Gregorio apita okha kukaima pa foniyo ngati mlonda, akuti aliyense woigwira alimbana ndi iwo.

Tayambiranso. Tsitsi, mphumi, nsidze. Maso. Chipsera chija cha pachibwano, anagwa mu mtengo wa mango ine ndikuwaonerera. Akumwetulira, dzino limodzi palibe. Ndalira, Sadia walira, a Gregorio akuti iwo ndi chimfine chabe.

Kumapeto kwa uthenga afunsa: "Kodi izi akuwerenga anthu angati?" Ndam'funsa Sadia. Wayankha mosabisa kuti za m'njira monse sangalumbire, koma pa koleji pano palibe wotsegula, ndipo wina akadzafuna kutero adzayamba wamuchotsa iye. Ndakhala pansi ndalemba. Za maliro a bambo, amene anawanyamula, nyimbo imene tinaimba, zimene bambo ananena za achimwenewo asanatsirizike. Zaka zonsezi ndinali ndisanawauze. Zala zayenda zokha ngati pa taipi.

Sadia wandisindikizira chithunzicho pa pepala.

Lachisanu, 14 Juni

Ayankha m'mawa womwe uno. Masamba awiri! Mpaka nthabwala. Akufunsa ngati basi ya ku Madisi ikadafabe pa chitunda chija. Ndapempha kuweruka msanga, mawa kwa amayi ku Bowe.

Loweruka, 15 Juni

Matola mpaka pa mphambano, kwinako wapansi, pepala lili m'buku la nyimbo kuti lisapindike. Ndapeza amayi pabwalo akutonola chimanga padzuwa. Ndawapatsa pepala lija.

Aliyandikiza kumaso, alitalikitsa, alitembenuzira kudzuwa. Ati, "Bambo ako anajambulitsa liti chimenechi?"

Ndati, "Si bambo, amayi. Ndi achimwene a Stefano. Cha sabata yathayi."

Nkhuku zikudya chimanga m'lichero, iwo osaziingitsa. Chala chikuyenda pa tsitsi lija, kutsika mpaka pachibwano, n'kuima pa chipsera.

"Wamera imvi ine ndisanamuone?" Kenako, "Koma wanenepa. Akudya."

Afunsa kuti chafika bwanji. Ndayesa kufotokoza za waya wa foni ndi kompyuta, andidula. Akufuna kudziwa chimodzi: mawu akachoka kuno amafika liti? Ndati tsiku lomwelo.

"Lomwelo? Ndiye Lolemba ulawire. Ukamuuze kuti udzu ndamweta kale, denga likudikira mwamuna. Abwere mvula isanagwe. Usakalembe zoti moni moni, ukalembe mmene ndaneneramu."

Ndatambasula dzanja kuti ndibweze pepala m'buku. Alipinda kawiri, alilowetsa m'bulauzi, n'kuyamba kukalipira nkhuku.