Kazitape wa Papa

Lolemba, 2 Juni 2025

Katundu wa achimwene a Gonjetso wafika kuchokera ku Joni. Wabwera ndi dalaivala wa thiraki yemwe ndimamuyendetsera mapepala paboda. Ine ndimati mwina nsapato. Kutsegula, kabokosi kakuda ngati sopo wochapira, kali ndi kamlongoti kake, waya wabuluu, batani loyera, ndi tizinthu tomata pazitseko.

Chigwereni Papa ndi sitiroko ija mwendo wamanzere amachita kuukoka, ndipo masana amatsala okha ine ndili kuntchito. Achimwene akuti zinthuzi zikagwira, Papa akhalabe kuno ku Mwanza. Zikakanika, mwezi ukatha azipita ku Chirimba kwa alamu a Maureen. Papa atamva za Chirimba anati bola kumanda, kuli anthu owadziwa.

Lachiwiri, 3 Juni

Achimwene pa vidiyo, kulamula ngati bwana wa kasitomu. Waya wabuluu mu rauta ya intaneti, mbali inayo m'kabokosi. Kagetsi kobiriwira kanayamba kuphethira. Akuti kabokosiko ndi wailesi: kamamva batani lija ndi tapazitseko, n'kuuza rauta, rauta n'kutumiza uthenga pafoni yanga ndi yawo.

Papa ali pampando wawo: "Wailesi? Ikugwira siteshoni yanji?"

Ndinati siyimba, imangomva. Anakayang'ana nthawi yaitali. "Wailesi yomva osayimba ndi kazitape." Basi dzina lakhala lomwelo.

Ndinakakhazika pamwamba pa rauta kuti pazioneka bwino, achimwene kutsala pang'ono kulira. Akuti ziwirizi zikayandikana zimasokonezana. Ngati ine ndi alamu, ndinatero. Sanaseke. Ndakakhomera msomali m'mwamba pakhoma la pabalaza, pambali pa kalendala ya tchalitchi.

Lachitatu, 4 Juni

Lero kunali kudziwitsana. Batani umalidina osasiya mpaka liphethire, ndiye Kazitape alilandire kuti ndi la pakhomo pano. Linakana, linakananso, chala mpaka dzanzi. Pamene limati livomere, foni yanga inathawira ku netiweki ya ku Mozambique, ine ndili pabalaza panga pomwe, ndipo achimwene anauma pa sikirini kukamwa kuli yasa. Ndajambula, ndisunga.

Pamapeto pake zatheka. Ukadina, foni imalira ngati ambulasi. Tapazitseko ndamata kutsogolo ndi kumbuyo, chitseko chikatseguka uthenga umabwera.

Vuto ndi mwini wake. Batanilo n'lovala pakhosi, koma Papa, a Zeferino, makaniki wamkulu wa mathiraki wopuma, akuti iwo si mbuzi ya pulojekiti yoti izivala chizindikiro. Laikidwa patebulo.

Lachinayi, 5 Juni

Ndili pamzere ndi mapepala a feteleza, foni kulira. Ndinamuponyera dalaivala mapepala ake, kukwera kabaza osafunsa ndi mtengo womwe, njira yonse ndikupemphera. Kufika, Papa ali phee pakhonde, mbale ya mbatata pamwendo.

"Mchere unauika kuti, filha?" Ndi momwe amandiitanira, mwana wamkazi m'Chipwitikizi cha kwawo.

Mchere unali pomwe umakhala masiku onse.

Madzulo analizanso. Nkhuku ya a Liness oyandikana nafe inalowa m'khitchini, ndiye amati ndidziwe. Munthu wokana batani uja ndi ameneyu, walisandutsa belu la kuhotela.

Lachisanu, 6 Juni

Rimoti. Chipewa. Kufunsa ngati lero ndi Lachisanu. Dalaivala wina wandifunsa ngati ndili ndi mwana wakhanda kunyumba. Ndati eya, wa imvi.

Loweruka, 7 Juni

Zavuta. Dzulo achimwene anawaimbira Papa kuwafunsa kuti chitseko chakumbuyo amatsegulira chiyani m'mawa, akagwa panja atani? Papa m'mawa uliwonse amapita kukakangana ndi mtengo wawo wa manachesi, kuufunsa chifukwa chomwe a anthu ena akupsa ake ayi. Sanadziwe kuti ku Joni kumamveka.

Lero ndinati ndiyese batani. Zii. Pafoni pakuonetsa kuti Kazitape ali moyo, koma sakumva chilichonse. Kuyang'ana pakhoma, msomali wokha. Ndinatsatira waya wabuluu mpaka kuseri kwa sofa, ndipo unakalowa m'bokosi lawo lachitsulo la masipanala, lotseka ndi loko. Mkulu ameneyu anakwera bwanji kukatsitsa, kaya. Ndipo amadziwa chomwe akuchita, mkati mwa chitsulo wailesi simva kanthu. Waya anausiya dala kuti ndisazindikire.

Ndinakalipa. Anandisiya ndimalize, kenako anati nthawi ya nkhondo kwawo ku Mozambique, munthu wa kamlongoti akangodutsa pamudzi, mawa lake nyumba zimapsa. Anati anandibereka kumsana kudutsa m'tchire mpaka kuno pothawa zinthu zomvetsera anthu, lero ndazikhomera pakhoma pambali pa Yesu.

Za nkhondo sakambakamba. Zinandipweteka. Ndinangoti, "Papa, ndi ichi kapena Chirimba. Ine sindikufuna mupite."

Kiyi anali mu sokosi. Atsegula okha.

Lamulungu, 8 Juni

Ndawauza achimwene kuti akangofunsanso za chitseko chakumbuyo ndiwachotsa pa zonsezi, azimvera kwa a Liness. Ati ndine wamwano. Si nkhani yatsopano.

Lachiwiri, 10 Juni

Mtendere pang'ono. Batani lalira kamodzi kokha, za machesi. Kauthenga ka chitseko chakumbuyo kaja ndayamba kukazolowera. Kamabwera ndikamamwa tiyi pa kontena ya paboda, ndimadziwa kuti mtengo wa manachesi wayamba kutukwanidwa.

Lachitatu, 11 Juni

Za lero ndilembe basi.

Ndinamwa tiyi, ndinamaliza thiraki ya simenti, ndinayamba ina. Penapake ndinangomva kuti chinachake chasowa. Foni inali chete kuyambira m'mawa. Palibe mchere, palibe chipewa, ngakhale chitseko chakumbuyo. Ndinati abisanso Kazitape m'bokosi mkulu uja, lero andiona. Ndinawaimbira, osayankha. A Liness anali kumsika ku Thambani.

Pa kabaza ndinkakonza mawu owakalipira, koma ndinkamuuza wakabaza kuti afulumire.

Kazitape anali pamsomali pake, akuphethira bwinobwino. Papa anali pansi m'chipinda, pakati pa bedi ndi khoma, ndodo ili uko. Anagwa nditangochoka. Batani linali patebulo la pabalaza, pomwe amalisiya. Anayesa kukwawa, mwendo unakana. Simenti ya Juni, munthu atavala malaya okha.

Atandiona anati, "Wachedwa. Kazitape wako ndi waulesi."

Ndinalira ngati mwana, ndikuwadzutsa ndikulira. Kuchipatala akuti palibe chathyoka, bondo lokha latupa, BP ndi yomwe ija. Pobwerera Papa anandigwira dzanja mu takisi. "Gonjetso asamve."

Achimwene anaimba ndithu, anaona chitseko chakutsogolo chitatseguka masana. Ndati ndinaiwala chidindo. Kaya ndachita bwino, kaya ndalakwa. Akadzagwanso ine osazindikira, ndidzawauza chiyani?

Lachinayi, 12 Juni

Sindinapite kuntchito. Ndinadzuka nditatsimikiza kuti ndiwaimbira achimwene ndiwauze zoona, Chirimba ndi Chirimba, bola akhale moyo. Ndinakhala pakhonde foni ili m'manja, nambala ndatsegula kale.

Papa anatuluka pang'onopang'ono, ndodo kutsogolo, nsapato imodzi ilibe chingwe. Chingwecho chinali pakhosi, batani likulendewera pachifuwa, atamanga mfundo ya umakaniki yoti sungamasule ndi mano omwe. Anakhala pambali panga osandiyang'ana.

"Ukaseka ndivula."

Sindinaseke. Tinakhala choncho tikuyang'ana msewu. Kenako foni inalira m'manja mwangamo, ambulasi ija.

"Papa, ndili pompano."

"Ndikudziwa. Ndimayesa." Analoza kuseri ndi ndodo. "Nachesi limodzi lapsa, lili m'mwamba. Kandithyolere."

Foni ndinaisiya pampando.