Tizitsulo Tiwiri M'ndowa

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi akazi anu ndi ana. Kuno tilipo. Anthu a maliro anabalalika kale, mipando yobwereka inabwezedwa, ine ndayambanso kupita kuntchito. Anzanga akuti ndine wolimba mtima. Si kulimba ayi, kungoti sindikumva chilichonse. Ndimadya chifukwa nthawi yakwana.

Mukukumbukira zidole za malemu alamu anu, zija munkawaseka nazo kuti munthu wa imvi akuseweretsa mawaya ngati mwana? Pakhonde anadzala letesi m'mapaipi, popanda dothi, madzi okhaokha osakaniza ndi feteleza. M'ndowa ya madziwo anaviikamo tizitsulo tiwiri tolumikiza ku kabokosi. Ankati feteleza naye ndi mchere, ndipo mchere ukachuluka m'madzi, magetsi amadutsa mosavuta pakati pa tizitsuloto, ndiye kabokosi kamadziwa. Ine ndinkangoti, "Tamva bambo, chotsani mawaya patebulo tidye."

Poyamba kankangolira kuti tiii! Nditadandaula kuti kakundiboola makutu, anajambuliramo mawu awo. Tsopano kamati, "Abwana, madzi awawa! Thirani ena, chonde." Kumapeto amamveka akuseka asanazimitse chojambulira.

Sabata ya maliro palibe amene anakumbukira ndowayo. Madzi anaphwa ndi dzuwa, mchere n'kuchuluka. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinangomva alamu anu akundiitana pakhonde. Sindinalire. Ndinathira madzi monga ananenera, iwo n'kukhala chete. Ndinangoima pomwepo ndi jagi m'manja.

Mawa lake ndinathiramo supuni ya mchere wa kukhitchini, ndipo analankhulanso. Ndimatero m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, kenako n'kusintha madziwo. Letesi yense anauma. Mayi oyandikana nafe anandifunsa kuti, "Kodi mwalandira mlendo? Ndani uja amaseka m'mamawa?" Ndinati ndi wailesi.

Chimene ndakulemberani ndi ichi. Tizitsulo tija tadyeka, tachita dzimbiri, kamodzi katsala ngati singano. Masiku ena ndimathira masupuni angapo, kabokosi osayankha mpaka nditagwedeza waya. Dzulo sikanayankhe n'komwe, ndinachita kuchedwa kuntchito. Inu mumakonza mawailesi, mukudziwa zoyenera. Chonde nditumizireni tizitsulo tosachita dzimbiri, ndipo mundijambulire papepala polumikiza pake. Kabokosiko sindikukatsegula, ndikuopa ndingafufute mawuwo. Ndafufuza m'foni monse, ena ndilibe. Ankatumiza mauthenga a mawu ataliatali, ine n'kumafufuta kuti akudzaza foni.

Amayi musawauze, angayambe zoti ndisamuke ndikakhale nawo. Mbewu za letesi musavutike nazo.

Mupereke moni kwa akazi anu ndi ana onse. Alamu anu akanakupatsani moni, koma masiku ano amangonena za madzi.

Ndine mlongo wanu.