Memori ya m'foni ya Keziya

Lamulungu, 2 Juni

Miyezi itatu lero chimwalirire Keziya. Mwana wathu Triza watulutsa foni ya mayi ake m'sutikesi, akuti tionere filimu. Memori yake ndi yodzaza mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, aja K. ankakaikitsa ku Masambanjati. Ine ndinkawaseka kuti ndi zachibwana.

Taonera pakhonde. Zimaloboti zitalizitali ngati bulugamu zatsika kumwamba n'kutenga ana a m'tauni yonse. Bambo mmodzi wazitsatira yekha ndi mfuti. Womasulira akungokuwa, "Madala akwiya, thawani!" Triza waseka, koyamba chichitikire maliro. Batire latha tili pakati.

Lachiwiri, 4 Juni

Chiperoni tsiku lonse. Kuntchito tiyi wothyola ndi wochepa, dengu silinadzaze. Pobwera ndapeza alamu anga a Fackson, achimwene ake a K., atakhala pampando wanga. Akuti kundisudzula ndi pa 15. "Mwambo mukuudziwa, alamu. Munabwera kudzakwatira, mubwerere kwanu. Mwana ndi wa mbumba ino, atsala ndi mayi ake aang'ono, a Lizzie."

Ndangoti ndamva.

Lachitatu, 5 Juni

Zaka khumi ndi chimodzi pamudzi pano, mawu anga onse ndi amenewo. Ndamva.

Lamulungu, 9 Juni

Tapitiriza filimu ija. Bambo uja amuombera kanayi, wagwa kuchokera m'ndege, wadzuka n'kusansa fumbi. K. anapita ndi malungo a masiku atatu.

Bambo uja wafika pachitseko chachitsulo, mwana wake akulira mkati. Basi, filimu yaima pomwepo. Woika uja sanaike yonse.

"Ababa, amupeza?" Ndati sindikudziwa. "Amayi ankati amamupeza." Ndiye kuti K. nawonso mathero sanawaone, ankangomuuza.

Lachinayi, 13 Juni

Kwathu ku Changata ndi kutali ndi ntchito. A kapitawo a Ben andipezera kachipinda ku malayini, nyumba za antchito a kampani ya tiyi.

Pothyola tiyi ndimaganiza za bambo uja. Mwayi wake ndi woti mdani akudziwika, wamaso ofiira. Ine mfuti ndingaloze yani? A Fackson tinanyamula nawo bokosi. A Lizzie ndi amene amamuluka Triza tsitsi.

Loweruka, 15 Juni

Andisudzula m'mawa. Sizinatenge ola. Anditamanda kuti ndinali mkamwini wofatsa.

Ndamanga chikwama panjinga, foni ndamupatsa Triza. Iye waitsegula ndi chikhadabo, wachotsa memori n'kuiika m'thumba la malaya anga.

"Iyi muzisunga ndinu. Lamulungu muzibwera nayo, apo ayi ine sindionera."

A Fackson amva. Ayang'ana kumunda nthawi yaitali, kenako akuti, "Kutchalitchi timaweruka thwelofu."

Njinga ndakankha ndi dzanja limodzi mpaka ku malayini. Linalo linali pathumba.