Muvi Umene Ndinajambula

Kabwata, Lusaka
14 Ogasiti 2013

Okondedwa akulu anga ba Chibesa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kasamako. Ine thupi lili bwino, koma mtima ukundiwawa.

Paja mumandiseka kuti ndinapita ku yunivesite kukaphunzira kujambula timabokosi. Ntchito yake ndi yomweyo. Ndimamvetsera anthu akufotokoza mmene amagwirira ntchito, ndipo pamene anena kuti "zikatere timatere", ine ndimajambula muvi kuchoka pa bokosi ili kupita pa ilo. Olemba pulogalamu ya kompyuta amatsata mivi yangayo.

Kampani yathu inapatsidwa ntchito pa kiliniki ina ku Libala, kumene ba Exildah a m'kwaya yathu amapereka mankhwala. Poyamba ankangondiuza za m'malamulo. Ndinawachonderera kuti anene zenizeni, poti bwana wanga, ba Morris, anandilonjeza kuti zojambulazo ndi za ife tokha.

Ndiye ba Exildah anatsitsa mawu. "Kasuba, ivi nikuuza iwe chabe. Bena bamachita nsoni kuimilila pa mzele wa ma ARV. Ngati nibaziba, nimapasa m'bale wao."

Ine kupusa kwanga, ndinajambula muvi waukhondo, kuchoka pa "wodwala sanabwere" kupita pa "mankhwala aperekedwa". Ndinanyadira kuti chithunzi changa chikunena zoona.

Lolemba la sabata yatha ba Morris anachionetsa pakhoma pamaso pa eni kiliniki, n'kuloza muvi uja ndi cholembera. Anati bowo ndi limenelo, ndipo pulogalamu yathu ilitseka. Pawindo loperekera mankhwala pamakhala munthu mmodzi yekha, choncho dzina silinafunikire. Ba Exildah awachotsa ntchito.

Nditawafunsa, ba Morris anaseka. "Iwe, tinawina tenda, nchito ya pulogalamu ni yathu. Manje uli kulila chani? Si ndiwe unajambula?"

Akulu, munthu ameneyu ndinkamutenga ngati bambo anga. Anadziwa kuti ba Exildah sangamuuze kanthu, ndiye anatuma ine wa kutchalitchi kwawo. Tsopano andiuza ndifufute muviwo, ndipo kompyuta izikana wodwala amene sanabwere yekha. Ndikakana, nanenso ntchito yatha. Ndiuzeni chochita, chifukwa sindinafufutebe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi musawauze izi. Akafunsa za ba Exildah, muwauze kuti ali moyo ndipo akuimbabe. Lamlungu ndinakhala pambali pawo monga mwa masiku onse, iwo ananyamula buku lawo la nyimbo n'kukakhala kumbuyo.

Ndine mng'ono wanu,
Kasuba