Andiululira za Magazi Anga

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Pembamoyo thupi lilibe vuto, koma mtima ukundiwawa.

Mwezi watha kukiliniki kunabwera ofufuza za korona. Ankatenga magazi kuti aone anthu amene anadwalapo matendawa osadziwa. Ine ndinkakana, koma aNaphiri, msuweni wathu amene amathandiza anamwino uja, anandigwira dzanja nati, "Musaope asuweni, zotsatira zake mudzazidziwa inu nokha." Ndinavomera chifukwa cha iwo.

Magazi anaonetsa kuti ndinadwalapo. Dokotala anandiuza tili awiriwiri kuti thupi langa linathana nawo kalekale. Koma Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, mkazi wa malemu aBanda, aja anamwalira ndi korona, anandiloza chala pagulu. "Ndinu munapatsira amuna anga, paja munkabwera kudzawazonda!" Nditafunsa kumene anazimva, anati aNaphiri ndiwo anazinena kuchigayo.

Ndinapita kwa aNaphiri tsiku lomwelo. Sanandiyang'ane kumaso, anangoti, "Zinangondipulumuka pakamwa."

Achimwene, chonde imbirani foni abanja la aBanda, inu amakumverani. Ine kutchalitchi ndasiya kupita, ndikupemphera ndekha m'nyumba. Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Esnati