Laputopu ya Shorouk Ikuzima Yokha

Aphungu,

Ine ndine mmisiri wa mipando kuno ku Damietta. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye mundikhululukire kalembedwe. Koma mwana wanga woyamba, Shorouk, ali m'chaka chomaliza ku yunivesite, akuphunzira zojambula mapulani a nyumba. Kumtundu kwathu konse palibe anafikapo pamenepa. Ngakhale anzanga amene ankandiseka kuti, "Mtsikana akaphunzira adzakuthawa, mmisiri iwe," lero amandipatsa moni ataimirira.

Vuto ndi laputopu yake. Akangoyamba kujambula, imalira ngati makina opalira matabwa, pansi pake n'kutentha koti simungaikepo dzanja, kenako yazima. Sabata yamawa akukaonetsa ntchito yake yomaliza pamaso pa aphunzitsi, pulani ya chipatala cha ana imene wakhala akujambula chaka chonse. Mbali ina sanamalize chifukwa makinawa akumuzimira ntchito ili pakati. Akalephera abwereza chaka, ndipo ine tulo sindikuona.

Musaganize kuti sitiisamala. Tsiku lomwe inabwera ndinaisokera mtsamiro wakewake wa veleveti yofiira, siponji yofewa m'kati, mphonje zagolide m'mbali, monga timachitira ndi mipando ya akwati. Ndinayeza mosamala, moti imakhala ngati dzira m'chisa, osagwedera. Ndinasokanso chophimba, chifukwa shopu yanga ili pansi pa nyumba ndipo utuchi umakwera mpaka m'zipinda. Nthawi zina ndikamupititsira tiyi ndimapeza mtsamiro uja uli pampando, laputopu ili pathebulo pouma. Ndimaubwezera pansi pake bwinobwino. Iye amangoti, "Zikomo Ababa," n'kundipsompsona dzanja.

Mayi ake, a Nagat, ndiye pakamwa sipatsekeka. Tsiku lina anati, "Inu a Haji, mwaiveka ngati mkwatibwi wa m'chilimwe, ndiye isachite thukuta bwanji?" Ine ndinati, "Mayi, za makina mwazidziwa liti? Rimoti ya TV mpaka lero mumailozetsa kwa inu eni." Anangoseka n'kuti, "Koma TV yangayo sinakomokepo."

Mlamu wanga Abdel Sattar akuti tiziiika mufiriji kanthawi. Mlongo wanga akuti ndi diso lansanje la anansi, tiifukize lubani. Ine ndikuganiza zowonjezera siponji kuti isamamve kutentha kwa thebulo. Ndichite chiyani kuti mwanayu amalize?

F.A., Damietta

Bambo F.A.,

Mwalera bwino, ndipo kunyada kwanu n'koyenera. Koma a Nagat akunena zoona. Mukawaphikire tiyi wopepesa.

Laputopu imapumira timabowo ta pansi ndi ta m'mbali. M'kati muli kafani kamene kamakoka mphepo yozizira n'kutulutsa yotentha. Mtsamiro wanu, poti munausoka mwaluso osasiya mpata, watseka ponse. Makinawo akatentha kwambiri amadzizimitsa okha kuti asapse. Palibe diso la munthu apa, ndipo siponji yowonjezera ingomalizitsa maliro.

Lero lomwe, musanachite china chilichonse, Shorouk akopere ntchito yake yonse pa fulashi, ndipo ina aisunge pa intaneti. Makina akafa mugula ena, koma chipatala cha chaka chonse sichijambulika m'sabata imodzi.

Kenako laputopu ikhale pathebulo louma, kumbuyo kwake kutakwezedwa pang'ono kuti mphepo izidutsa pansi. Ngati manja akukuyabwani, ipangireni choikapo cha thabwa chokhala ndi mabowo akuluakulu. Chisemeni maluwa mmene mungafunire, bola pasakhale nsalu. Chophimba chija n'chabwino, koma chizivalidwa makina atazima n'kuzizira.

Utuchi ndikukhulupirira unalowa kale m'kafani kaja. Mawa ipititseni kwa wokonza makompyuta kuti aitsegule, achotse fumbi, asinthenso kaphala koziziritsa kamene kamauma makina akakalamba. Ndi ntchito yaing'ono, muuzeni za mayeso kuti asaigoneke. Ikabwera, Shorouk aiyese ndi ntchito yake yolemera ija tsiku lisanafike, ndipo apemphe mnzake akhale ndi laputopu ina pafupi tsiku la chionetserolo.

Firiji ayi. Chinthu chikachoka mozizira n'kubwerera kotentha chimachita mame m'kati, ndipo madzi amapha makina. Lubani mufukize m'nyumba ngati mtima wa mlongo wanu ukhazikika nazo, koma kutali ndi laputopu. Tchizulo chanu nachonso chisayandikire. Mukaona pansi pake patatupa, ndiye kuti batire lawonongeka. Izimitseni osaitchajanso mpaka wokonza aione.

Tsopano mvetserani, bambo. Mwana wojambula chipatala, wodziwa koika mawindo kuti odwala apume, sangalephere kudziwa za timabowo ta laputopu yake. Mtsamiro umene mumaupeza pampando suyenda wokha. Iye amauchotsa, inu n'kuubwezera, iye n'kungokuthokozani chifukwa amaona manja a bambo ake pa veleveti imeneyo. Walolera kuika chaka chake pachiswe kusiyana n'kukukhumudwitsani.

Ndiye musadikire kuti akuuzeni, sadzanena. Lowani m'chipinda chake lero, muuchotse nokha mtsamirowo, iye akuona.

Aphungu