Madzi a M'dziwe la Amadamu

Emmy akundifera m'manja. Wasanza zabuluu kuyambira dzulo, ndipo lero maso ayamba chikasu. Musayambe mwaphika kapena kusamba, werengani muli chiimire.

Kabulonga,
Lusaka.
Lachisanu, 22 Okutobala 1976

Okondedwa akulu anga, amake Norbert,

Pepani kuti ndayamba ndi zoopsa ndisanakupatseni moni. Ndikhulupirira kuti inu, alamu a Petros ndi ana muli bwino ku Kabwatako. Kuno sitili bwino ayi. Kalatayi ndiiponya pamwamba pa mpanda kwa a Amock, aja amagulitsa ndiwo pa njinga. Avomera kusiya malonda kuti akufikitsireni.

Mukukumbukira dziwe lija ndinakuonetsani pa mpata wa maluwa, la nsomba zofiira zosadya zija? Ndi kutentha kwa mwezi uno madzi ake anagwira ndere, anachita kubiriwira ngati msuzi wa chisoso, nsomba osaoneka. Abambo a Emmy, poti ndiwo osamalira maluwa ndi dziwelo, anavutika nalo. M'mawa uliwonse ankakolopola ndere ndi ndodo, kuzikulunga ngati ulusi. Anamanga kamthunzi ka mphasa mbali imodzi, anachepetsa chakudya cha nsomba, anamizamo thumba la udzu wouma, akuti udzuwo ukamaola ndere zimafooka. Madzi anayambadi kuyera, pansi n'kumaoneka pang'ono.

Koma amadamu sanafune zapang'onopang'ono. Mkuja Lamulungu, pa tsiku la ufulu, kubwera alendo akuluakulu a chipani, ndipo akufuna adzadyere pafupi ndi dziwe. Ndinawamva ndekha akuwauza abambo a Emmy kuti, "Shani iwe Ezekiel, alendo banga bazaona nsomba olo bazaona mphasa? Chosa vonse ivi!" Si munthu woipa, akulu anga, Emmy amamupatsa mabisiketi. Kungoti nawonso mantha awagwira ndi alendowo.

Tsopano apa ndi pamene ndikuchita manyazi. Mpopi wa kuno ku kota, kunyumba ya antchito, unauma sabata yatha. Wa m'nyumba yaikulu umatuluka, koma kukhitchini sindiloledwa, ndipo ndinatopa kupempha ngati mwana wamasiye. Ndiye ndinkalawirira anthu asanadzuke, n'kukatunga chidebe chimodzi m'dziwemo, pakona pamene pali masamba aakulu oyandama. Abambo a Emmy sindinawauze, chifukwa akanandikalipira kuti ndiwachotsetsa ntchito. Madziwo ndinkasefa pa nsalu n'kuwiritsa bwinobwino monga anatiphunzitsira kusikelo ya ana. Ndinkati akawira ndiye kuti zoipa zonse zafa.

Dzulo m'mawa ndinatunganso, ndinamuphikira phala. Anadya masipuni ochepa n'kukankha mbale, akuti, "Amama, ŵaŵa." Ine ndinayesa matukutuku, chifukwa shuga watisowa masiku ano. Ndinamukakamiza, akulu anga. Ndinamugwira manja n'kumumwetsa lonse, kenako ndi madzi omwe. Dzuwa lisanafike pamutu anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, akudzipinda ngati kambuzi.

Ndinaitana Ba Eness, akazi a kuku, wophika wa nyumba yoyandikana nafe, pa mpanda. Atamuona anagwira pakamwa. Akuti, "Mwana wanga, ine ndabereka asanu ndi awiri, ili ndi tsempho. Mwamuna wako wayenda kunja, wabwera n'kumunyamula mwana ali wotentha. Mufunse bwino." Anandipatsa mizu yoti ndinyike. Ndipo ine ndinakhulupirira, pakuti Lachitatu abambo a Emmy anapita ku Kamwala n'kubwera mochedwa, osanena chimene anakatenga.

Dzulo madzulo abambo a Emmy atalowa m'nyumba ndinawalandira ndi mawu amene sindingalembe pano. Ndinati atchule dzina la mkaziyo mwana asanafe. Iwo anangondiyang'ana, misozi ili lengelenge, akuti, "Winifred, ine? Pa mwana wanga yemwe?" Anafuna kumunyamula Emmy, ine ndinamukwatula, ndinati asamukhudze ndi manja awo akuda. Anagona panja pa thumba la makala. Lero m'mamawa abwana awatenga pa galimoto kupita kufamu ku Chongwe kukagwira mbuzi za phwando, abwera mawa. Apita osamwa tiyi, ndipo mwana wawo sanamutsanzike chifukwa ndinatseka chitseko.

Atachoka ndinapitanso kudziwe ndi chidebe, kunja kutayera kale. Akulu anga, madzi ali mbee, oyera ngati a m'botolo, ndere zonse zapserera. Koma nsomba zonse zili chagada, mimba m'mwamba. Pakona yanga ija, pansi pa masamba, ndinaona chingwe. Nditakoka panatuluka kathumba ka nsalu kodzaza timiyala tabuluu tosungunuka, mtundu wake womwewo wa masanzi a Emmy. Pomwepo ndinapita kukafufuza. Amadamu ndiwo anawatuma abambo a Emmy ku Kamwala kuja kukagula mankhwala opha ndere, pepala lake ndalipeza m'shedi, lili ndi chithunzi cha chigaza. Munthu anakagula zimene anamutuma, ine n'kumupachika chigololo. Iwo sanadziwe kuti ndimatunga pamenepo, ine sindinadziwe kuti aikapo kanthu, ndipo tsiku lonse latha ndikumwetsa mwana mizu.

Ndinathamangira kunyumba yaikulu kuti ndiulule zonse, atithamangitse ngati afuna, bola atitengere kuchipatala. Ndinapeza amadamu apita kale ku Longacres kokonzekera zovina ndi amayi a chipani. Geti akhoma, kiyi atenga, agalu awamasula. Pamwamba pa mpanda pali mabotolo osweka, sindingakwere ndi mwana kumsana. Ba Eness ayesa kugogoda kwa mabwana awo, kulibe munthu.

Emmy wasiya kulira tsopano, ndipo zimenezi ndi zimene zikundiopsa koposa. Milomo yauma, mkodzo wangotuluka pang'ono, wakuda ngati tiyi. Ndikumudonthezera madzi a kumpopi amene Ba Eness andipatsira pa mpanda. Akatsegula maso akuitana atate ake.

Mundiperekere moni kwa Norbert ndi azing'ono ake, muwauze amupempherere mnzawo. Kwa amayi ku Katete musalembe kanthu kaye. Ngati alamu akudziwa woyendetsa aliyense wopita ku Chongwe, atumize mawu kwa abambo a Emmy. Asanene zambiri, angoti Winifred waona nsomba, akuti bwerani mudzamunyamule mwana wanu.

Alamu apemphe galimoto ya kuntchito kwawo, abwere ndi makwerero ndi thumba lokhuthala loyala pa mabotolo. Muzungulire kumbuyo, kumene kuli mtengo wa mapeyala, agalu safikako. Mudzandipeza pansi pake, mwana ndamukulunga kale, kathumba ka mankhwala ndakamanga pa chitenje kuti adokotala akaone. Bwerani, akulu anga, chonde bwerani tsopano lino.

Ndine mng'ono wanu,
Winifred